Mabowo Atatu pa Lamba wa Bambo X

Pachipatala chaching'ono chija, cha zipinda zisanu ndi khonde lodikirirapo odwala, wamkulu wa oona odwala ankatchedwa a Ndaonapo. Dzinalo sanachite kugula. Wodwala akangoyamba kuti, "Adokotala, apa pakumachita ngati..." iwo ankamudula pakamwa: "Ndaonapo zimenezo." Kaya ndi chifuwa, kaya chotupa, kaya mwana wameza batani, zonse anali ataonapo. Zaka makumi atatu ndi ziwiri pampando umodzi si masewera. Mpandowo unafika powazolowera, moti wina akaukhalira unkalira ngati ukuitana mwini wake.

Tsono vuto linali lakuti a Ndaonapo anali atasiya kuona.

Osati khungu lenileni ayi. Munthu ankamuona, chitseko ankachiona. Koma tizilembo ta pamabotolo a mankhwala tinkasambira ngati mbululu m'chithaphwi. Nkhani imeneyi sanauze munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Ankadziwa mmene zimathera: lero anena kuti maso, mawa akuti mupume kaye, mkuja mupeza mpando wanu akhalira a Pafoni.

A Pafoni anali mnzawo woona odwala m'chipinda chachiwiri, bambo wa ana awiri, wofatsa, amene matenda alionse ankayamba wawafunsa kaye pafoni. A Ndaonapo sankamukhulupirira munthu wofatsa. Ankati madzi odikha ndiwo amabisa ng'ona.

Kunena zoona, miyezi imeneyo sankakhulupirira aliyense. Anagula magalasi katatu kwa bambo wogulitsa pakona pa msewu. Alionse ankaona bwino sabata imodzi, kenako chifunga. "Mbava imeneyo," ankatero mumtima, "imandiyesa ndi ena n'kundikulungira ena." Pakhosi pawo pankauma ngati pamsewu wa fumbi, botolo la madzi silinkachoka patebulo, ndipo mlandu umenewo anaupereka kwa akazi awo, kuti dzanja lawo lalemera pa mchere. Mabuluku atayamba kukhwepa anati telala anawabera muyezo, ngakhale mabulukuwo anasokedwa zaka zinayi zapitazo. Anatenga msomali ndi mwala kuseri kwa nyumba n'kuboola lamba wawo. Kenako bowo lina. Kenako lachitatu. Nyerere zitachuluka m'chimbudzi cha antchito, anakalipira okolopa.

Zowerenga anazipezera nzeru. Ankanyamula botolo n'kupatsa namwino wamkulu, amene onse ankangoti a Sisitala, amvekere: "Tawerengani apa, tione ngati sukulu munapitadi." A Sisitala ankawerenga osanena kanthu. Anali mayi wa mawu ochepa ndi maso ambiri.

Lolemba lina nzeruyo inaphonya. Kunabwera mayi ndi mwana wotentha thupi, a Sisitala ali kotemera. A Ndaonapo anasuzumira okha papepala la miyezo, nalemba m'buku la mwanayo mankhwala amadzi, 25. Sipanapite mphindi khumi, a Sisitala analowa ndi bukulo n'kutseka chitseko ndi chidendene.

"Adokotala, kadontho kagwera panjira."

"Kadontho kanji?"

"Apa. Ndi 2.5. Mwana wa eni ake akanamwa masupuni a banja lonse."

A Ndaonapo pakamwa sipanachedwe. "Ndi cholembera ichi. Inki ikudukiza."

A Sisitala anayang'ana cholemberacho. Anayang'ana botolo la madzi, limene linali litatha kachiwiri usanakwane mmawa wonse. Anayang'ana magalasi atsopano. "Cholembera, eti," anatero, natuluka.

Kuyambira pamenepo chipatala chonse chinayamba kunong'ona. Akalowa m'chipinda cha mankhwala, a Sisitala ndi a Pafoni ankasiya nkhani pakati n'kuyamba kuwerenga mabokosi amene anawerenga kale. Lachiwiri masana, ali pawindo, anaona a Sisitala pageti akuyankhula ndi mzimayi wa ambulera yofiira. Nkhope sanaione, maso ake ati, koma ambulerayo ankaidziwa.

Atafika kunyumba anafunsa ngati sakufunsa. "Mayi, lero munayendako?"

"Kumsika."

"Msika anausamutsira pageti pa chipatala?"

"Bambo, ambulera yofiira ilipo imodzi dziko lonse lino?" anatero akaziwo, maso ali pa zovala zimene ankapinda. "Madzi anu ndaika apo. Mchere lero sindinathire n'komwe, musandizenge mlandu."

Lachitatu pabolodi la zidziwitso panamatidwa pepala. A Ndaonapo analiwerenga chifukwa zilembo zake zinali zazikulu ngati za pasitolo, ndipo zimenezonso anazikayikira: analembera ndani zilembo zotere? Pepalalo linkati mawa Lachinayi kuli maphunziro, nthawi ya 2 koloko, ndipo mutu wake ndi "Nkhani ya wodwala mmodzi".

Maphunziro a Lachinayi anali lamulo. Aliyense woona odwala, kaya ndi wa imvi kaya wa dzulodzulo, ankayenera kumaphunzirabe chaka ndi chaka. Ukakhala nawo pamaphunziro, wophunzitsa ankakusayinira m'kabuku n'kukupatsa mapointi, ndipo mapointi akapanda kukwana pakutha pa chaka, layisensi yogwirira ntchito sankakupatsanso. A Ndaonapo ankati imeneyi ndi sukulu yophunzitsa nkhuku kupalasa, ndipo nthawi zonse ankakhala pafupi ndi chitseko, n'kumatuluka kawirikawiri. Koma m'kabuku mwawo munkasowa mapointi awiri, ndipo mwezi womaliza unkatha sabata yomweyo.

Ndiye anaona msampha wonse mmene anautchera. Akajomba, layisensi yapita. Akapita, akamva nkhani ya kadontho ikuonetsedwa pakhoma, anthu n'kuyamba kufunsana kuti munthu wa zaka zonsezi kadontho sanakaone bwanji. Uku moto, uku madzi. Anasankha kupita, koma osati chimanjamanja: anatenga cholembera chija n'kuchiika m'thumba la gawuni yawo yoyera, kuti chikhale mboni.

Lachinayi wodwala womaliza atachoka, anatembenuza mabenchi a pakhonde lamkati kuti ayang'ane khoma, natseka makatani. Wophunzitsa anali dokotala wa kuchipatala chachikulu, mayi wamng'ono wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, amene ankabwera kamodzi pamwezi ndi makina oonetsera zithunzi pakhoma. A Ndaonapo anamupatsa dzina loti Dokotala Pulojekita, ndipo linamukhala.

Atalowa anawerenga mitu. Dokotala Pulojekita, a Sisitala, a Pafoni. Basi.

"Ena ali kuti? Wa kulabu? Wa kumankhwala?"

"Lero ndi za oona odwala okha," anatero a Sisitala.

Limeneli si kalasi, anaganiza a Ndaonapo, ili ndi bwalo la milandu. Analunjika pamalo pawo pafupi ndi chitseko, koma a Pafoni anali atakhalapo kale, ndipo anawalozera mpando wa kutsogolo. "Bwana, lero mukhale apa. Ndakusungirani."

"Chikondi chimenechi chayamba liti?"

"Chinalipo kale, bwana, simunkachiona."

Mawu amenewo a Ndaonapo anawatola n'kuwasunga. Simunkachiona. Anthuwa ayamba kale kuponya miyala.

Pamaphunziro otere panali mwambo wa ntchito umene sunkaphwanyidwa: wodwala satchulidwa dzina. Akakhala mwamuna ndi Bambo X, mkazi ndi Mayi Y, mwana ndi Mwana Z. A Ndaonapo anagwira cholembera m'thumba, kudikira Mwana Z.

"Wodwala wathu lero," anatero Dokotala Pulojekita, "ndi Bambo X."

Mpweya umene anausunga kuyambira Lolemba unatuluka wonse. Koma usanathe, maganizo ena anabwera: Bambo X wake uti? Anayamba kuwaika pamzere amuna onse amene anawaona mwezi umenewo. Wa bondo uja? Wa chifuwa uja sanabwerenso? Kapena pali kadontho kena kamene a Sisitala sanawauze?

Pakhoma panaoneka zolemba, koma kwa iwo zinali mbululu zomwe zija. Mwamwayi dokotalayo ankawerenga mokweza mzere uliwonse, chinthu chimene sankachita masiku ena onse. Nachonso anachikayikira.

"Zaka zake zatsala pang'ono kukwana makumi asanu ndi limodzi. Kwa miyezi itatu akumva ludzu losatha. Akutaya madzi pafupipafupi, usana ndi usiku womwe. Akutopa msanga, ndipo thupi likutsika ngakhale akudya bwino. A Pafoni, mukuganiza chiyani?"

A Pafoni anakanda m'mutu, natulutsa foni. "Mwina tiyambe taona ngati..."

A Ndaonapo sanapirire. Ngati akufuna kuona ngati tsabola wakale sawawa, lero alawa. "Bwezani foniyo m'thumba, achimwene. Zimenezi ndaonapo. Ndi shuga. Ngakhale alonda a pageti akuuzani."

"Mwatsimikiza msanga bwanji, adokotala?" anafunsa Dokotala Pulojekita.

"Mwanawe, matenda amenewa amayenda ndi belu. Ludzu, kuchimbudzi, kuwonda. Chatsala n'chiyani, akulembereni kalata? Atamuyeza anapeza zingati?"

"Sanayezedwe."

"Miyezi itatu? Amakhala kutali?"

"Ayi. Pachipatala amafika tsiku lililonse. Kungoti salowera khomo la odwala."

A Ndaonapo anatembenuka kuyang'ana a Pafoni. Ayi, ameneyo mimba inali patsogolo ngati ya bwana. Mlonda? Dalaivala wa ambulansi? Mulimonsemo, mlanduwu sunali wawo, ndipo munthu akapulumuka pamlandu amasanduka woweruza wankhanza. Anaimirira pang'ono, chala m'mwamba.

"Ndiye mverani. Munthu akuuma pamaso panu tsiku ndi tsiku, inu muli ndi kamakina m'dirowa, kubaya chala ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma osamuyeza. Woona odwala wotero ndi wa chiyani? Ameneyo ndiye wofunika kumulanda layisensi. Mapointi angamuthandize chiyani munthu amene sakuona chimene chili pamphuno pake?"

A Sisitala ankayang'ana zikhadabo zawo. A Pafoni ankayang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

Chete ameneyo sanawasangalatse. Anakhala pansi, namwako madzi m'botolo lawo, ndipo ali pakati pomwa anaona kuti onse atatu akuyang'ana botololo. Analitsitsa pang'onopang'ono.

"Thupi latsika makilo angati?" anafunsa, mawu atachepa.

"Pasikelo sakwera," anatero dokotalayo. "Koma pa lamba wake pali mabowo atatu atsopano. Oboola ndi msomali."

Dzanja la a Ndaonapo linapita lokha m'chiuno. Lamba anali mkati, pansi pa gawuni yomanga mabatani mpaka m'munsi. Pachipatala pano panalibe munthu amene anamuonapo. Dziko lonse lapansi, munthu wodziwa mabowo amenewo, kupatula mwini wake ndi msomali, anali mmodzi: amene amapachika buluku pa chitseko madzulo alionse. Wa ambulera yofiira.

"Nanga maso ake?" Sanafune kufunsa, koma funsolo linadzitulukira.

"Wasintha magalasi katatu m'miyezi iwiri."

Makina a zithunzi ankangolira, fiii, ngati udzudzu. A Ndaonapo anavula magalasi awo, nawapukuta ndi gawuni nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Chinsinsi cha wodwala chili kuti pamenepa?" anatero potsiriza. "Si inu nomwe munatiphunzitsa mwezi wathawu?"

"Ine dzina sindinatchule, adokotala."

"Kodi Bambo X ali muno?" anafunsa a Sisitala, nkhope ili gwa ngati khoma. "Ife sitikudziwa. Mwina inu mukumudziwa."

Apa ndiye anaona kuti amene anatchera msamphawu anaphunzira ntchito. Kukwiya kukanakhala kuvomera. Kutuluka kukanakhala kuvomera, ndi mapointi omwe kutaya. Ndiye anachita zimene munthu wanzeru amachita akagwa m'dzenje: anakhala bwinobwino ngati anachita kusankha kukhalamo.

"Chabwino. Tinene kuti Bambo X'yo ndimamudziwa patali. Tinene kuti ntchito yake ndi yowerenga tinthu ting'onoting'ono. Ameneyo basi kwake kwatha?"

Dokotala Pulojekita anazimitsa makina aja, nakoka mpando kukhala pafupi. "Shuga akakwera kwambiri, kagalasi ka m'diso kamatupa, ndipo shugayo akasintha nakonso kamasintha. N'chifukwa chake magalasi a sabata ino sagwira sabata yamawa. Shuga akatsika n'kukhazikika, ambiri chifungacho chimachoka m'masabata ochepa. Sindikulonjeza. Ayenera kubwera kwathu timuone kuseri kwa diso, chifukwa kumeneko ndiye shuga amaononga mwakachetechete. Koma asagulenso magalasi pakona."

"Ndiye kuti wogulitsa uja si mbava?"

"Zimenezo sindinaphunzire."

"Nanga ntchito?"

"Agwire. Koma mpaka maso atayera, chilichonse chimene walemba wina aziwerenganso chisanafike kwa wodwala."

"Winayo ndani?"

A Pafoni anakweza dzanja mwamanyazi.

"Ndinadziwa," anatero a Ndaonapo. "Muyamba ndi kuwerenga, mumaliza ndi mpando."

"Bwana, mpando wanuwo umalira ngati mbuzi. Ndinaukhalira kamodzi muli patchuthi, msana unandipweteka masiku atatu. Mundipatse ndi galimoto yomwe, sindiufuna."

A Ndaonapo anayang'ana chitseko. Chinali patali, ndipo m'chikhodzodzo munali mutayamba kale kugogoda. "Bambo X akakana kuyezedwa?"

Amene anayankha ndi a Sisitala, ndipo nthabwala zinali zitatha. Anatulutsa buku lakuda limene ankalembamo zolakwika zonse zochitika pachipatalapo, nalitsegula pamwendo. "Nkhani ya Lolemba ndinailemba tsiku lomwelo, monga mwa lamulo. Ndinangosiya mzere umodzi, wa chifukwa chake. Bukuli likupita ndi adokotalawa kuchipatala chachikulu lero. Mundiuze inu: ndilembe kuti cholembera, kapena ndilembe kuti woona odwala anali ndi vuto la maso, wayezedwa, wayamba mankhwala? Ndikalemba cholembera, ine ndanama, ndipo kadontho kotsatira mwina ndidzakhala ndili kumaliro kapena kotemera. Mwana ameneyo sindidzamuona."

A Ndaonapo anapisa m'thumba, nagwira mboni yawo ija. Anaitulutsa, naiyang'ana, naiika pabenchi. Kenako anapinda mkono wa gawuni, ngakhale chala sichifuna kupinda mkono, natambasula dzanja ngati munthu wopereka mphatso imene sakufuna kupereka.

"Osati chala cholembera," anatero a Ndaonapo. "Ichi."

A Sisitala anali atatulutsa kale kamakina, thonje ndi kobayira, zonse zili m'thumba kuyambira kale. Anapukuta chala, tho, kadontho ka magazi. Munthu amene anabaya zala za anthu zikwizikwi anatsinzina ngati mwana.

Kamakina kanalira. A Ndaonapo anakatenga, nakayandikitsa, nakatalikitsa. Mbululu. Anakapereka kwa a Pafoni.

"Tawerengani apa, tione ngati sukulu munapitadi."

"21.4, bwana."

"Kadontho kalipo?"

"Kalipo."

"Pali pake penipeni? Si 2.14?"

"Mukanakhala 2.14 bwenzi tikukutolani pansi."

"Kupitirira 11 timayamba kale kunena kuti ndi shuga," anatero Dokotala Pulojekita. "Mawa mmawa musanadye tiyezanso, ndi za kulabu zomwe. Koma mkodzo tiuona lero, ndipo mankhwala tikambirana musanachoke."

"Kamakinaka mabatire ake ndi akale."

"Ndasintha mmawa uno," anatero a Sisitala, akulemba mzere wawo uja. "Ndinadziwa kuti munena."

Anakambirana za mankhwala kwa theka la ola, ndipo a Ndaonapo anatsutsa katatu, n'kupezeka kuti kawiri mwa katatuko zimene ankadziwa zinasinthidwa zaka zisanu zapitazo, pa Lachinayi lina limene iwo anali panja. Atamaliza anatulutsa kabuku kawo ka mapointi. Dokotala Pulojekita anafufuza m'chikwama, cholembera osachipeza, ndiye anangotola chimene chinali pabenchi. Chinalemba bwinobwino, chakuda bii, mpaka kadontho ka pamapeto a siginecha.

Onse anachiona. Palibe ananena kanthu, ndipo a Ndaonapo anawakayikira kuti chete ameneyu adzawalipiritsa tsiku lina.

"Mwalemba angati?"

"Awiri."

"Awiri okha? Ine lero ndagwira ntchito ziwiri. Ndabwera ngati wophunzira, ndabweranso ngati buku. Matendawo ndawapeza ndine, wodwala ndabweretsa ndine."

"Malamulo sanafike pamenepo, adokotala."

"Akafika mundikumbuke."

Atatsegula chitseko cha kukhonde lakunja, pabenchi ya odwala panali munthu mmodzi yekha, ambulera yofiira itapindidwa pamwendo.

"Msika watha, mayi?"

"Watha. Mwaphunzira chiyani lero, bambo?"

"Ndaphunzira kuti m'nyumba mwanga ndimagona ndi kazitape."

"Kazitape yemweyo wadya zopanda mchere miyezi iwiri chifukwa cha mlandu wabodza. Ndinakuuzani kangati kuti kayezetseni? Mumvekere ndaonapo, ndaonapo. Ndiye ndinati ameneyu samva za mkazi, amamva za pakhoma." Anaimirira, nawayang'ana kumaso, mawu n'kutsika. "Akuti bwanji maso?"

"Akuti mwina ayera. Mwina."

"Mpando?"

"Ndikadali nawo. Ndi mlonda wake."

Akaziwo anagwedeza mutu, nawakonzera kolala ya gawuni imene sinapindike n'komwe. "Tiyeni tizipita."

"Dikirani kaye. Andipatsa kabotolo ka mkodzo."

Analowera kuseri, kuchimbudzi cha antchito. Nyerere zija zinali pomwepo, mzere wake wautali kuchokera pawindo mpaka pansi, zili pantchito yolondola shuga wa mumkodzo. A Ndaonapo anaziyang'ana ndithu. Izi ndiye zinali zitamuyeza Bambo X kalekale, popanda kabuku, popanda layisensi, ndipo lipoti lake zinkapereka tsiku lililonse. Anadumpha mzerewo mosamala kuti asaponde anzawo a ntchito.